Magetsi a ku Paris ndi aulere, koma geni yake ili ndi eni

Dzuwa likamalowa, nthawi imene inu a mumsika mumakhala mukulongedza katundu m'makatoni kuti muthamangire minibasi, mu mzinda wa Paris ku France muli anthu ena amene amakhala akutsegula kumene geni yawo. Sagulitsa tomato kapena kaunjika ayi. Iwo amazunguliritsa alendo mu mzinda usiku, kuwaonetsa nyumba, milatho ndi zipilala zotchuka zitayatsidwa magetsi. Ndipo sindikunena za chibasi chachikulu chodzaza ndi anthu osadziwana. Ndikunena za ulendo wapadera: inu ndi akunyumba kwanu, kapena ndi anzanu awiri, galimoto n'kukhala yanuyanu kwa ola limodzi kapena awiri, dalaivala akuyendetsa uku akufotokoza.

Chimene chimandizunguza mutu pa geni imeneyi n'chakuti katundu amene akugulitsidwayo si wa wogulitsa. Amene amayatsa magetsiwo ndi a khonsolo ya mzinda ndi mabungwe oyang'anira nyumbazo. Aliyense wokhala ndi maso ndi miyendo akhoza kukaima pa bwalo la Trocadéro n'kuona nsanja ya Eiffel ikuwala tsidya lina la mtsinje wa Seine, osalipira ngakhale khobidi. Nanga munthu wanzeru zake amatulutsiranji mayuro oposa 100, mwinanso kuwirikiza kangapo, kuti akaone chinthu chaulere? Kodi ndalama zimangomuyabwa m'thumba?

Tiyambe ndi nsanjayo, poti ndiyo mwini filimu. Idamangidwa ndi kampani ya Gustave Eiffel n'kutsegulidwa m'chaka cha 1889, ndipo lero ndi yotalika mamita 330. Chaka chilichonse anthu oposa 6 miliyoni amakwera pamwamba pake, osawerengera chinamtindi cha amene amangoima pansi khosi lili m'mwamba. Kuwala kwake konga golide kumene mumaona pa makalendala si kwakale kwenikweni. Kudayamba pa 31 Disembala 1985, pamene katswiri wina wa zounikira, Pierre Bideau, adaika nyali zambirimbiri m'kati mwenimweni mwa zitsulo za nsanjayo kuti iziwala yokha ngati khala la moto, m'malo moiunikira kuchokera kunja. Polowa chaka cha 2000 adawonjezerapo mababu 20,000 ophethira ngati ziphaniphani. Amenewa adali a chikondwerero chabe ndipo adawachotsa, koma anthu adali atawakonda, choncho mu 2003 adaika ena okhalitsa. Poyamba ankaphethira kwa mphindi khumi. Mu 2008 adadula n'kukhala mphindi zisanu kumayambiriro kwa ola lililonse kukada.

Pa mphindi zisanu zimenezo ndiye pagona nkhani. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Munthu wachokera ku America, ku Japan kapena ku Brazil, ali ndi masiku awiri okha, Chifalansa sachidziwa, misewu sakuidziwa, miyendo yatupa ndi kuyenda tsiku lonse. Akachedwa pang'ono, adikira ola lathunthu pamphepo. Komanso mdima wa ku Paris suli ngati wakwathu kuno, kumene ikamakwana 6 koloko timadziwa kuti tsiku latha. Kumeneko mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, pomwe mu Disembala limalowa isanakwane 5 koloko madzulo. Onjezanipo kuti kuyambira mu 2021 misewu yambiri ya mu mzindawu salola kuthamanga kupitirira makilomita 30 pa ola, ndipo ina adaitseka kuti muzidutsa apansi ndi apanjinga. Dalaivala wodziwa ntchito yake amakhala atawerengera zonsezi. Amadziwa nthawi yonyamukira pa hotela, pokhotera magalimoto akathithikana, ndi poimika galimoto kuti ola likamagunda kasitomala akhale ataima pamalo abwino, foni ili m'manja. Mlendo uja sakugula magetsi. Akugula nthawi yake yomwe, kuti isamutayikire.

Ena mwa ochita geniyi amagwiritsa ntchito magalimoto apamwamba akuda bii, koma amene amandiseketsa ndi a kagalimoto kakale kotchedwa Citroën 2CV. Kagalimoto aka kadayamba kupangidwa mu 1948 ndipo kadasiya mu 1990. Adakakonzera mlimi wosauka wa ku France, ndipo nkhani yotchuka ndi yakuti kadayenera kudutsa m'munda wolima kumene katanyamula dengu la mazira popanda dzira losweka. Denga lake ndi lachinsalu, amangolipinda, mlendo n'kumaona nyumba zazitali ali chikhalire. Okwera ndi atatu basi kupatula dalaivala. Tangoganizani, chiphapha chimene alimi adachitaya kalekale, lero olemera akuchilimbirana, n'kumalipira ndalama zambiri kuti achikwere! Inu ogulitsa kaunjika mukudziwa bwino kuti chakale chikachapidwa n'kuyalidwa pamalo oyenera, mtengo umasintha.

Katundu wachiwiri, amene ine ndimamuona kuti ndiye weniweni, ndi pakamwa. Taonani chitsanzo. Galimoto yafika pa bwalo lalikulu la Concorde. Pakati pake paima chimwala chosongoka, chotalika pafupifupi mamita 23, chowala ndi nyali. Munthu woyenda yekha achijambula n'kupitirira. Koma wofotokoza waluso akuuzani kuti mwala umenewo ndi wa ku Africa kuno, udasemedwa ku Egypt zaka zoposa 3,000 zapitazo, udaima pakhomo la kachisi wa ku Luxor, ndipo udaperekedwa kwa Afalansa ndi wolamulira wa Egypt, Muhammad Ali, n'kuimikidwa pamenepo mu 1836. Akuuzaninso kuti pa bwalo lomwelo anthu adadula mutu mfumu yawo Louis XVI mu 1793. Pamenepo mwala uja wasanduka nkhani yokasimba kunyumba. Chimodzimodzi pa tchalitchi cha Notre-Dame, chimene chidapsa pa 15 Epulo 2019 n'kutsegulidwanso mu Disembala 2024, kapena pa piramidi yagalasi ya pabwalo la Louvre, imene katswiri wojambula mapulani a nyumba I. M. Pei adaimaliza mu 1989 anthu ambiri a mu Paris atayamba aikana kuti ikunyansitsa nyumba yachifumu.

Apa ndikulankhula ndi inu ana asukulu amene mumati phunziro la mbiri yakale ndi lotayitsa nthawi. Ku France kuli chiphaso chapadera cha anthu ofotokozera alendo, chimene munthu amachipeza atadutsa m'maphunziro a ku yunivesite, ndipo makampani a zaulendo amayenera kulemba munthu wachiphaso chimenechi akafuna kulowetsa alendo m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Mumsewu lamulo ndi lofewerapo, komabe amene amadya bwino ndi wodziwa zilankhulo ziwiri kapena zitatu ndi wosunga zaka ndi mayina m'mutu. Mpamba wake ndi umenewo. Galimoto ikhoza kukhala ya bwana, koma mlendo akabwerera kwawo n'kulemba pa intaneti kuti ulendo udakoma, amatchula dzina la dalaivala. Ndipo geni yambiri masiku ano imabwerera pa intaneti pomwepo: mlendo amasankha ndi kulipiriratu asanakwere n'komwe ndege, makampani a pakati n'kudulapo yawo.

Kunena zoona, wophunzira wa m'thumba mopepuka sasowa chochita. Mu 2025 tikiti ya sitima ya mu mzinda, imene amaitcha Métro, idali mayuro 2.50. Sitima ya nambala 6 siyenda pansi pa nthaka njira yonse. Pakati pa siteshoni ya Passy ndi ya Bir-Hakeim imaoloka mtsinje pa mlatho, nsanja ili poteropo pawindo. Ukawerengera bwino nthawi, waona zomwe wa mayuro mazanamazana waona. Chimene ulibe ndi mpando wofewa ndi munthu wokuuza nkhani.

Koma geni yodalira nyali ya mwini ili ndi vuto lake: switchi ili m'manja mwa wina. Nthawi ya mliri wa Covid-19, kuyambira pa 17 Okutobala 2020, boma lidalamula kuti ikakwana 9 koloko usiku aliyense mu Paris akhale ali m'nyumba, ndipo mu Januwale 2021 nthawiyo idafika pa 6 koloko madzulo. Magetsi ankayaka, koma owaonera kunalibe. Mliri utangopepuka, nkhondo ya Russia ndi Ukraine idakweza mitengo ya gasi ndi magetsi ku Ulaya konse. Mu Sepitembala 2022 mayi Anne Hidalgo, amene adali mfumu ya mzindawu, adalengeza kuti nsanja ya Eiffel izithimitsidwa 11:45 usiku m'malo mwa 1 koloko m'bandakucha, ndipo nyumba zina za khonsolo zizithima 10 koloko. Magetsi opulumutsidwa pa nsanjapo sadali ochuluka kwenikweni. Chachikulu chidali kupereka chitsanzo, kuti boma lisauze anthu kuchepetsa zotenthetsera m'nyumba zawo pomwe chitsulo chikuwala usiku wonse. Komabe kwa munthu wogulitsa ulendo wapakati pa usiku, ola limodzi lochotsedwa ndi ndiwo zochotsedwa pa mbale ya ana.

Tsono tifike pamene pali chilonda. Paris adayamba kuunikira misewu yake mwadongosolo mu 1667, pamene mfumu Louis XIV idasankha Gabriel Nicolas de La Reynie kukhala mkulu wa apolisi a mu mzindawu. Iyeyu ndiye adalamula kuti nyali za makandulo zipachikidwe m'misewu. Cholinga sichidali kusangalatsa alendo ayi, chidali chakuti apolisi aziona amene akuyenda usiku. Ntchito imeneyo nyali sizidaisiye mpaka lero.

Pansi pa nsanja yowala ija, ndi pa bwalo la Trocadéro pomwe magalimoto a alendo amaima, pali ochita geni ena. Ndi anyamata, ambiri mwa iwo ochokera ku Senegal ndi maiko ena a kuzambwe kwa Africa, enanso a ku Asia. Amagulitsa tinsanja ta Eiffel tachitsulo, tina tokolekera makiyi, tina toyaka ndi mabatire, pa mtengo wa yuro imodzi kapena zingapo. Katundu wambiri ndi wopangidwa ku China. Ena amatunga tinsanjato pa chiwaya chachikulu chozungulira n'kukoleka pamkono. Ena amayala pansalu yomangidwa zingwe m'makona onse anayi, kuti wapolisi akangotulukira, kukoka kamodzi kokha sitolo yonse yasanduka phukusi, liwiro n'kuyamba. Inu mavenda a m'misewu ya Limbe ndi Lilongwe, sindikufunika kukufotokozerani zambiri pamenepa.

Kuyambira mu 2011, lamulo la ku France limati kugulitsa malonda mumsewu popanda chilolezo ndi mlandu umene munthu akhoza kukhala nawo m'ndende miyezi isanu ndi umodzi ndi kulipira chindapusa cha mayuro 3,750, katundu n'kulandidwa. Pokonzekera masewera a Olympics a 2024, apolisi adachulukitsa zowathamangitsa m'malo odzaza alendo. Ndipo tisanamizane, odandaula ali ndi mfundo zawo. Mwini sitolo ya zikumbutso amalipira lendi, msonkho ndi antchito, ndiye wina akudzayala katundu yemweyo pakhomo pake pa mtengo wotsika. Palinso akamberembere oitanitsa katunduyu mochuluka, amene amadyera pa msana pa anyamatawa, ndipo apolisi akhala akugwira magulu otere.

Komabe ine ndikaika awiriwa pa sikelo, dalaivala wa kagalimoto kakale uja ndi mnyamata wa nsalu ya zingwe, ndimaona anthu ochita ntchito imodzi. Onse akudya kuchokera ku nyali imene sadayatse. Onse amadziwa nthawi imene mababu aphethire, amadziwa kupereka moni m'zilankhulo zingapo, amadziwa kumuwerenga mlendo pankhope kuti uyu ndi wogula kapena wongofunsa mtengo. Kusiyana kwawo ndi pepala. Wina ali ndi chiphaso chonyamulira anthu, inshuwalansi ndi dzina pa intaneti. Mnzakeyo nthawi zambiri alibe ngakhale chikalata chomulola kukhala m'dzikomo, ndipo popanda chimenecho sangalembetse bizinesi, sangalembedwe ntchito yovomerezeka, sangapemphe malo ogulitsira. Mukamuuza kuti akatenge chilolezo, mukumutuma ku khomo limene mwakhoma nokha. Kuthamangitsana kwatenga zaka zambiri tsopano ndipo anyamatawo sadathe, chifukwa ogula alipo. Mlendo yemwe uja walipira mayuro ambirimbiri pa galimoto, akatsika amafunanso kansanja kotchipa kokapatsa mdzukulu wake.

Ikamakwana 10 koloko usiku pa Trocadéro, phokoso limayamba lazirala, kenako khamu lonse limafuula limodzi mababu 20,000 aja akayamba kuphethira. Mafoni onse m'mwamba. Dalaivala amajambula makasitomala ake atakumbatirana, diso lina lili pa wotchi poti ena akumudikira pa hotela. Mnyamata wa tinsanja wapereka nkhongo ku nsanjayo. Zingwe zinayi zili m'dzanja, maso ali kumsewu kumene kumachokera apolisi.