Kodi munthu walengadi moyo?

Tsiku lina ndikuphunzitsa za maselo mu Fomu 3, mnyamata wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja. "Aphunzitsi, akuti ku America anapanga kachilombo kamoyo mu labotale. Ndiye kuti Mulungu ntchito yamuthera?" Anzake anaseka, iye ayi. Bambo ake ndi mkulu wa mpingo, ndipo ndinadziwa kuti yankho langa likafika kwawo madzulo omwewo.

Nkhaniyi si yopeka. Mu May 2010, gulu la Craig Venter linalengeza kuti lapanga DNA yonse ya bakiteriya wotchedwa Mycoplasma mycoides, amene amadwalitsa mbuzi. Malangizo ake, a zilembo zoposa 1 miliyoni, anali mu kompyuta. Anawapanga zidutswazidutswa, n'kuwalumikiza mothandizidwa ndi yisiti, kenako n'kuwaika mu selo la bakiteriya wa mtundu wina. Selolo linamvera malangizo atsopanowo n'kuyamba kuchulukana.

Ndinamuuza mnyamatayo kuti akumbukire mango omezanitsa a pasukulu pathu. Mumadula nthambi ya mtundu wabwino n'kuilumikiza pa tsinde la mango achikuda, mtengo n'kumabereka zipatso zina. Luso lilipo ndithu, koma tsindelo munalipeza lamoyo kale. Selo lija nalonso sanaliumbe okha, ndipo malangizowo anachita kukopera m'chilengedwe. Ngakhale nyuzipepala ya ku Vatican inayamikira ntchitoyo, koma inati uku si kulenga moyo.

Chimene chimandigwira mtima ine n'china. Mu 2016 gulu lomweli linachepetsa malangizowo mpaka kutsala majini 473 okha, osati majini a kwa asing'anga, koma tizigawo ta DNA. Pa amenewa, 149 ntchito yake sankaidziwa, koma ambiri mwa iwo ukangowachotsa selo silikula. Anthu anamanga chinthu ndi manja awo, osachimvetsa chonse.

Kunena zoona, sindiona kuti chikhulupiriro cha munthu chingagwe chifukwa cha bakiteriya. Mantha anga ali pa anthufe. Luso lopangira katemera ndi lomwelo lopangira kachilombo koopsa, ndipo ife a maikulosikopu imodzi pa ana 80 sititengako mbali posankha zoyenera kupangidwa.

M'mawa mwake mnyamata uja anabwera ndi uthenga wa bambo ake. Za Mulungu sanazitchule n'komwe. Akuti ndiwafunsire: ngati anthuwo kachilombo ka mbuzi amakadziwa mpaka kukalemba, mankhwala ake adzafika liti kuno?