Nyimbo zikuolera m'makompyuta ku Mangochi

Inu amalonda a mumsika mukudziwa bwino lomwe kuti katundu amene sakuyenda amadya mpamba. Tomato akagona masiku atatu pa benchi amayamba kuchucha, usipa wauwisi ukachedwa kufika pa thandala ndiye kuti ntchentche zapeza phwando. Koma alipo katundu wina amene akuola mwakachetechete kuno ku Mangochi, wopanda fungo, ndipo eni ake amayenda m'tauni monyadira ngati palibe chomwe chikutayika. Katundu ameneyu ndi nyimbo zosamaliza.

Ine ntchito yanga ndi yojambula nyimbo. Ndili ndi kachipinda pa Boma pano, kompyuta imodzi, kiyibodi, maikolofoni ndi matiresi akale amene ndinakhoma m'zipupa kuti phokoso la njinga zamoto lisalowe. Palibe kampani imene inandilemba ntchito, palibenso bwana wondifunsa kuti lero wagwira chiyani. Anzanga a geni ngati imeneyi alipo ku Monkey Bay, ku Namwera ndi malo ena, ndipo tikakumana dandaulo limakhala limodzi lomweli: makompyuta athu adzaza ndi nyimbo zimene eni ake anaimba vesi imodzi, n'kunena kuti "achimwene ndibwera Lachiwiri", mpaka lero Lachiwirilo silinakwane.

Zifukwa ndiye sizisowa. Wina ati mawu ake sanakhale bwino kamba ka chimfine cha mwera. Wina ati akudikira apeze ndalama ya vidiyo kaye, poti nyimbo yopanda vidiyo masiku ano siyenda. Wina ati nyimbo yakeyo ndi yaikulu zedi moti siyoyenera kumalizidwira ku Mangochi, adzaitengera ku Blantyre kapena ku Lilongwe kumene kuli zida zenizeni. Ndipo wina, monga mukudziwa za kwathu kuno, umangomva kuti anakwera basi ya ku Joni. Pakapita miyezi amatumiza mau pa WhatsApp: "Musafufute achimwene, ndikubwera pa Disembala." Disembala wake uti, kaya.

Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma ine sindikhulupirira kuti anyamata a lero ndi aulesi kuposa a kale. Mnyamata amene amakoka chilimira usiku wonse kapena kupalasa kabaza kuchokera pa mlatho wa Bakili Muluzi mpaka dzuwa kulowa simunganene kuti ndi mlesi. Chimene chinasintha ndi china, ndipo kuti muchione bwino tiyeni tibwerere m'nthawi ya makaseti.

M'zaka za m'ma 1990, pamene matipate amalowa m'dziko muno, malo ojambulira nyimbo anali owerengeka. Kunali situdiyo ya wailesi ya MBC, kunali Studio K ku Blantyre, ndipo kwa aneba athu ku Balaka a Paul Banda, amene anali m'gulu loyambitsa Alleluya Band mu 1978, anali ndi situdiyo yawo ya IY. Woimba akapatsidwa tsiku amadziwa kuti kumbuyo kwake kuli mzere wa ena. Amafika ataloweza kale nyimbo zonse, amaimba, n'kutuluka. Kenako amanyamula ntchito yake kupita nayo kwa O.G. Issa, amene ankachulukitsa makaseti n'kumaodetsa kwa amalonda, ndipo ena mwa inu akuluakulu mumsikamu munayambira geni pa makaseti omwewo. Ndalama imabwera kaseti ikafika pa benchi basi. Nyimbo yosamaliza inalibe poikhazika.

Taonani malemu Lucius Banda, mng'ono wake wa Paul, amene anatisiya pa 30 June 2024. Chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chinatuluka mu 1994, chaka chotsatira kunabwera Down Babylon, mu 1996 Cease Fire. Chaka ndi chaka katundu watsopano pamsika. Billy Kaunda, Mlaka Maliro ndi Charles Nsaku anatchukira m'kayimbidwe ka ku Balaka komweko. Kodi mukuganiza kuti nyimbo iliyonse m'makaseti amenewo inali yosalala ngati galasi? Ayi ndithu. Koma inatuluka, anthu anaigula, inavinidwa pa maukwati ndi m'mabala.

Lero zinthu zinaphweka, ndipo kuphwekako ndiye msampha. Pulogalamu ngati FL Studio, imene ambiri timangoitchabe Fruity Loops, imakulola kusintha ng'oma lero, mawa kubwezeretsa ya dzana, mkucha kuyesa ina. Tepi inkatha, kompyuta siitha. Siikuthamangitsa, siikulipiritsa pa ola, siinena kuti kunja kuli wina akudikira. Munthu amatha kukhala sabata yathunthu akusankha kaphokoso kamodzi ka m'manja, n'kumadzinamiza kuti akugwira ntchito. Zili ngati mayi wa mandasi amene tsiku lonse akungolawa ufa osaika mafuta pamoto.

Za zida zenizeni za ku Blantyre zija, ndimakonda kuwauza anyamatawa nkhani ya Esau Mwamwaya, ndipo inu a kaunjika ikukhudzani. Mkuluyu anabadwira ku Mzuzu, anakulira ku Lilongwe, n'kupita ku London mu 1999 kumene ankagulitsa katundu wogwiritsidwa kale ntchito m'kasitolo. Mmodzi wa anyamata awiri ojambula nyimbo otchedwa Radioclit anabwera kudzagula njinga, chibale chinayambira pamenepo, ndipo gulu la The Very Best linabadwa. Mu 2009 anatulutsa chimbale cha Warm Heart of Africa chimene chinamveka ku Ulaya ndi ku America. Tsono tamverani izi: pokonza chimbale cha Makes a King chimene chinatuluka mu 2015, Esau ndi mnzake wa ku Sweden Johan Hugo anasiya masitudiyo a ku London n'kunyamula zida kudzajambulira m'mudzi wa M'dala Chikowa, m'mphepete mwa nyanja yathu yomweyi. Anthu amene akanatha kujambula kulikonse anasankha kwathu kuno, pamene mwana wobadwira kuno akuti nyimbo yake singamalizidwe pokhapokha atakwera basi ya ku Limbe.

Nawonso anyamata a Malawi Mouse Boys, amene ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu, anajambulidwa panja ndi mzungu wa ku America Ian Brennan, magitala awo ali opanga okha. Chimbale chawo He Is #1 chinatuluka mu 2012 ndipo pambuyo pake anakwera ndege kukaimba kunja.

Ndiye m'kachipinda kangaka ndinaika malamulo, ndipo ena amandinena kuti ndine wouma mtima. Woimba asanalowe amayamba wandiimbira nyimbo yonse pakamwa, kuyambira koyamba mpaka kumapeto, popanda chida chilichonse. Ngati vesi yachiwiri kulibe, abwerere akaipeke kunyumba, poti situdiyo si malo oganizira. Akatero timalemba tsiku lotulutsa nyimbo pa kalendala ya pakhoma, masiku 14 kuchokera tsiku loyamba, ndipo amalipira theka. Munthu amene walipira theka amakumbukira njira. Amene wajambula ulere kapena pa ngongole ndi amene amasowa, ndipo izi inu a ngongole za mumsika simufuna kuuzidwa.

Inenso ndinadziikira malire. Nyimbo ndimaisakaniza kawiri, kenako ndimaiika m'foni n'kupita nayo kwa anyamata obena nyimbo mumsika kuti ailize pa sipika yawo ija yolira ngati chitini. Ngati mau akumveka pamenepo, pakati pa phokoso la ma minibasi ndi oitanira malonda, nyimboyo yatha. Ndi pamenepo pomwe anthu athu adzaimvere, osati m'mahedifoni odula. Ndikaona mayi wogulitsa masamba akugwedeza phewa osadziwa kuti ndikumuyang'ana, sindikhudzanso kanthu.

Magetsi nawo anandiphunzitsa kanthu. Akayaka sindiyamba ndi kuyang'ana Facebook kapena kucheza, ndimayamba ndi kujambula mau a woimba, chifukwa ndi chinthu chokhacho chimene sindingachite ndekha usiku. Akazima ndi nthawi yolemba, yoyeserera ndi gitala, kapena yongoyenda.

Kuyendako musakupeputse. Alipo masiku amene mutu umauma, ukakhudza kiyibodi chilichonse chikumveka ngati unachimva kale pa wailesi. Tsiku lotero ine sindikakamira pa mpando. Ndimatsikira kudoko kukamvera asodzi akukoka khoka, mmene amalandizirana mau kuti mphamvu zifanane. M'nyengo ya zinamwali ng'oma za manganje zimakupeza wekha pakhomo, ndipo amene anaonapo beni akudziwa kuti kugunda kwake sikupezeka mu kompyuta iliyonse ya ku Ulaya. Ngakhale mnyamata woitanira kaunjika ali ndi kanyimbo kake. Ndimajambula tizinthu timeneti pa foni, ndikabwerera ndimapeza poyambira. Chondidabwitsa n'chakuti anyamata ambiri amabwera akufuna ndiwapangire ng'oma yofanana ndi amapiano a ku Joni kapena za ku Nigeria, n'kumakhumudwa kuti sizikufanana ndendende, n'kuisiya nyimboyo. Chikhalirecho chinthu chimene a ku Joniwo alibe chili kuseri kwa nyumba ya agogo awo ku Makanjira, ndipo chiYao chimakoma m'nyimbo kuposa mmene eni akefe timaganizira.

Pali ndalama imene ikutayika apa, tisanamizane. Nyimbo ya ukwati imafunika tsiku la ukwati. Ya Khirisimasi kapena ya Idi ikachedwa ndi sabata imodzi idikira chaka chathunthu. Kumapeto a chaka boma likatseka nyanja kuti nsomba ziswane, ndalama imachepa m'matumba a anthu a kunyanja, ndiye amene amafuna kugulitsa nyimbo yake kapena kuitanidwa kukaimba ayenera kuwerengera nyengo monga achitira wogulitsa maambulera. Pamene chikondwerero cha Lake of Stars chinkachitikira pa Nkopola, monga mu 2014 ndi 2015, alendo ochokera kutali anadzaza mchenga wathu, koma okonza zinthu zotere amafunsa nyimbo yoti amve, safunsa maloto. Chimodzimodzi a wailesi ngati Dzimwe, sangaulutse vesi imodzi. Ngakhale bungwe la COSOMA, limene limatolera ndalama za oimba, limalemba nyimbo imene ilipo.

Ndipo nthawi zambiri ndalama imene yagona m'kompyutayo si ya woimba. Ndi ya mlongo wake wogulitsa kanyenya, ya amalume ake a hadiweya, ya mayi ake amene anatapa mpamba wa nsomba poti mwana walira kuti ali ndi luso. Inu amene mumathandiza ana otere, musapereke ndalama yonse m'manja mwa mwanayo. Pitani naye kwa wojambula, mufunse tsiku lotulutsa, mulipire theka, theka linalo mudzapereke nyimbo ikalira m'foni mwanu. Simuoda katundu ku Limbe osafunsa kuti afika liti.

Anthu amene sandivutitsa ndi amayi. Kwaya ya amayi a mpingo kapena gulu la kaswida likabwera kuchokera kumudzi, limakhala litasonkherana ndalama kwa miyezi, litayeserera pansi pa mtengo wa mango mpaka aliyense akudziwa polowera, ndipo galimoto imene yawabweretsa ikudikira panja, dalaivala akuyang'ana dzuwa. Wina mwana ali kumbuyo, wina wasiya benchi yake ya tomato ndi mnansi. Salankhula za maikolofoni ya ku Blantyre. Amaima mozungulira, amaimba, wina akalakwitsa amabwereza kamodzi. Tsiku lina ndinapempha mtsogoleri wa gulu lotere kuti tibwerezenso nyimbo yomaliza poti mau a kumbuyo anachepa pang'ono. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwanangu, kwezani pa makina anuwo, ife ana akudikira nsima." Ndinakweza, ndipo sabata isanathe nyimbozo zinali zikulira kale pa mabenchi a obena nyimbo mumsika.