Kodi mumadziwa? Zimene zimachitika wa magetsi akadina GO

Kodi mumadziwa kuti pa masewero akuluakulu a ku Broadway mumzinda wa New York, kapena ku West End mu London, munthu woyendetsa magetsi amatha usiku wonse akudina batani limodzi lokha? Dzina lake ndi GO. Kuwala kulikonse kooneka pa siteji, kaya m'bandakucha kaya chipinda cha usiku, kunasungidwa kale m'makina otchedwa console ndi nambala yakeyake. Chosungidwacho amachitcha cue. Akadina GO, makina amachoka pa cue 14 kupita pa cue 15 pa liwiro limene anawauza masiku okonzekera.

Sadinanso mwa kufuna kwake. Amamvera woyang'anira siteji (stage manager) pa mahedifoni, amene amayamba wamuuza kuti akonzeke, kenako n'kutchula nambala, liwu la "go" n'kubwera kumapeto kwenikweni. N'chifukwa chake ambiri akamacheza pa mahedifoniwo amangotchula zilembo G ndi O, kuopa kuti chala cha mnzawo chingadumphe.

Kodi mumadziwa kuti kompyuta inalowa mochedwa ku Broadway? Munali mu 1975, pa sewero la A Chorus Line ku Shubert Theatre, pomwe katswiri wokonza kuwala, mayi Tharon Musser, anagwiritsa ntchito makina a LS-8. Izi zisanachitike, amuna angapo ankaima kuseri akukankha zogwirira za ma dimmer, zida zochepetsera kuwala, manja akachepa n'kuwonjezerapo mawondo.

Nanga delay? Apa ndi pamene pagona luso, ndipo ndimaona kuti ongoyamba kumene amapadumpha. Delay ndi kuuza nyali zina kuti zidikire kaye ngakhale GO wadinidwa. Tiyerekeze kuti wosewera akuchoka pakhomo kukakhala pampando. Nyali zapakhomo zikayamba kuzima nthawi yomweyo imene zapampando zikuyamba kuyaka, iye amadutsa mu kamdima ali pakati pa ulendo, nkhope yake n'kusowa pamene akulankhula. Koma zapakhomo mukazipatsa delay ya masekondi 2, zapampando zimayamba zawala, munthuyo n'kuyenda m'kuwala mpaka kukafika, mdima n'kubwera pambuyo pake. Oonerera saona kuti pachitika kanthu, ndipo n'zimene wokonza kuwala amafuna. Nyali zotembenuka zokha nazo zimafuna delay: muzilole zizime kaye zisanatembenukire malo atsopano, apo ayi kuwala kumasesa nkhope za anthu mu holo. Ndipo mukandandalika nyali 20, iliyonse n'kuichedwetsa pang'ono kuposa inzake, kuwala kumayenda pa siteji ngati funde la panyanja.

Kodi mumadziwa kuti cue imatha kuitana inzake popanda chala cha munthu? Imeneyo ndi follow. Mphezi ya m'sewero ingafune ma cue atatu m'sekondi imodzi: kung'anima, mdima, kung'animanso. Palibe amene angadine mofanana usiku uliwonse, choncho amalumikiza cue 30, 30.1 ndi 30.2, GO mmodzi n'kuyendetsa zonse.

Koma chenjerani mukasintha makina. Pa Eos, ya kampani ya ETC ya ku Wisconsin, follow imayamba kuwerenga nthawi pamene cue yangoyamba, ndipo yowerenga cue ikatha amaitcha hang. Cue ya masekondi 5 mukaipatsa follow ya 2, yotsatira imalowa yoyambayo isanamalize. Mukaipatsa hang ya 2, yotsatira imabwera pa sekondi ya 7. Pa grandMA2, ya MA Lighting ya ku Germany, follow imadikira cue yapitayo ithe. Wozolowera makina amodzi akafika pa ena ayenera kuyesa kaye holo isanadzaze.

Follow ili ndi malire ake, ndipo pamenepa sindigonja. Wosewera si wotchi. Lero anthu aseka nthawi yaitali, mawa akhala chete, tsiku lina mnzake wachedwa kulowa. Chilichonse chodalira mawu kapena phazi la munthu chiyenera kukhala ndi GO wake, wodinidwa ndi wina amene maso ake ali pa siteji. Follow ndi ya zinthu zotsatana zokha mosasamala za amene akulankhula.

Kodi mumadziwa kuti console imaphunzira zala zanu? Macro ndi mndandanda wa mabatani umene makina amasunga kuti adzaubwereze mukadina kamodzi. Pa Eos pali batani lolembedwa Learn: mumalidina, n'kupereka nambala ya macro, n'kuchita ntchitoyo, makina akulemba zonse. Ambiri amasungamo ntchito za tsiku ndi tsiku, monga kuyatsa mababu a nyali zotembenuka madzulo, kuwazimitsa sewero likatha kuti azizire magetsi asanadulidwe, ndi kusunga fayilo ya sewero. Cue nayo imatha kuyambitsa macro, mwachitsanzo kudzutsa mndandanda wina wa ma cue pakati pa nyimbo. Vuto n'lakuti macro sifunsa. Mukasintha manambala a nyali koma iyo osaikonza, idzayatsa zolakwika ndi changu chomwecho.

Kodi mumadziwa kuti malamulo onsewa amadutsa m'waya m'chinenero chokhazikitsidwa mu 1986? Ndi DMX512, imene bungwe la USITT la ku America linakonza kuti zipangizo za makampani osiyana zizimvana. Waya mmodzi amanyamula ma channel 512, iliyonse ndi nambala yochokera pa 0 kufika pa 255, ndipo zonse zimatumizidwa pafupifupi ka 44 pa sekondi.

Kodi mumadziwa kuti nyali ziwiri zolandira nambala 0 nthawi imodzi sizizima limodzi? Babu lakale la tungsten limazirala pang'onopang'ono chifukwa kawaya kake kamakhala kadakali kotentha, pomwe LED imathima pomwepo. Siteji ikakhala ndi mitundu yonse iwiri, okonza amawonjezera kanthawi kochepa pa ma LED kuti mdima ugwe pamodzi.