Kumwera ku Ryalls: mbiri ndi yaitali, bilu nayo siichepa

Dzuwa likamalowa mumzinda wa Blantyre, anthu ambiri amathamangira maminibasi a ku Ndirande, Chilomoni ndi Bangwe. Koma pamsewu wa Hannover, galimoto zina zimakhotera pageti ya Ryalls, hotela imene ambiri amaitchula kuti ndi yakale kuposa onse m'dziko muno.

Hotelayi adaitsegula mayi wachizungu, Louisa Ryall, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, dziko lino likadali Nyasaland. Lero ili m'gulu la mahotela a Protea, omwe ali pansi pa kampani ya Marriott.

Munthu wozolowera kumwera pa bottle store ya pa Balaka kapena pa Mponela amayamba wadabwa ndi bata la pamalo otere. Palibe chimkuzamawu chogonthetsa m'khutu, palibe wokuwa kuti amuonjezere botolo, ndipo palibe wokupempha kuti umugulireko kamodzi. Anthu amakhala m'mipando yawofuwofu n'kumakambirana motsitsa mawu, ena za malonda, ena za ntchito, pomwe woperekera zakumwa amabwera yekha patebulo kudzafunsa chomwe mlendo akufuna.

Chodabwitsa n'chakuti zakumwa zina zotchuka pamalo otere n'zapakhomo pompano. Mowa wa Green umafululidwa mu Blantyre momwemo, pafakitale yomwe kampani ya Carlsberg idatsegula mu 1968. Iyi idali fakitale yoyamba ya kampaniyi kunja kwa dziko la Denmark, ndipo mu 2016 idagulidwa ndi kampani ya Castel ya ku France. Alendo akunja amakonda Malawi Gin wosakaniza ndi tonic. Kuwawa kwa tonic kumachokera ku kwinini, mankhwala omwe azungu akale ankamwa poopa malungo, ngakhale kuti wa mu tonic wa lero ndi wochepa kwambiri moti sangateteze munthu ku matendawa. Osamwa mowa nawo samuthamangitsa. Tiyi, khofi ndi zoziziritsa kukhosi zimakhalapo.

Koma amene akumwa pamalopa lero ayenera kudziwa zomwe zidachitika panja pake. Pa 26 January 1960, nduna yaikulu ya dziko la Britain, Harold Macmillan, idali pankhomaliro mkati mwa hotelayi. Nthawiyo n'kuti Dr Hastings Kamuzu Banda ali m'ndende ya Gwelo, komwe lero ndi ku Gweru ku Zimbabwe, chimutsekereni mu March 1959. Khamu la Amalawi lidasonkhana panja ndi zikwangwani kufuna kuti mtsogoleri wawo atulutsidwe, ndipo padabuka mkangano pakati pawo ndi apolisi. Atolankhani omwe adatsagana ndi Macmillan adalemba nkhaniyi m'nyuzipepala za ku London, ndipo phokoso lake lidakula mpaka boma lidakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi Justice Southworth. Dr Banda adatulutsidwa pa 1 April chaka chomwecho, ndipo ufulu udabwera pa 6 July 1964.

Masiku amenewo mahotela otere ankatumikira makamaka azungu. Lero Mmalawi aliyense wovala mwaulemu akhoza kulowa n'kukhala pomwe wafuna. Chomwe chimasankha anthu tsopano ndi thumba.

Botolo lomwe pagolosale limagulidwa ndi ndalama zochepa, kuhotela yapamwamba limakwera kangapo, chifukwa munthu amalipiriranso mpando, magetsi, mlonda wapageti, antchito ndi msonkho. Choopsa china n'chakuti salipiritsa botolo lililonse pompopompo ayi. Woperekera amangolemba, ndipo bilu imabwera pamapeto, mutu utatentha kale. Apa ndi pomwe bambo amene wangolandira za fodya kuokushoni ya ku Limbe, kapena mphunzitsi amene wangotapa malipiro, angathe kumwa fizi ya mwana kapena thumba la fetereza usiku umodzi wokha, maka akayamba kuguliranso anzake pofuna kuoneka bwana.

Ozolowera malo otere amayamba apempha ndandanda ya mitengo asanaitanitse chilichonse, ndipo palibe manyazi pakutero. Amagwirizana kaye kuti alipira ndani, amapatula ndalama yoti agwiritse ntchito, yotsalayo n'kuisiya kunyumba. Amakonzeratunso za ulendo wobwerera, pakuti maminibasi amasowa usiku, ndipo kuyendetsa galimoto utaledzera ndi mlandu komanso kwaphetsa ambiri m'misewu yathu.

Kwa banja lomwe lakonzekera, kapu ya tiyi kapena botolo limodzi pamalo pomwe padachitikira mbiri ya dziko lino ndi chinthu choti n'kukafotokozera ana kumudzi. Koma wopita ndi ndalama ya ndiwo, mawa lake adzafotokozera mayi wa kunyumba.