Belu loweruka likalira, sukulu ina imayamba

Achinyamata anzathu, mwana wa sukulu amakhala m'kalasi maola ochepa chabe pa tsiku. Maola ena onsewo amakhala panjira, pamsika, kumadzi, kudimba kapena m'kachipinda ka lendi. Kumeneko nakonso amaphunzira, ngakhale kulibe bolodi ndi choko. Aphunzitsi ake amakhala anzake, mavenda, akabaza, ndipo nthawi zina njala. M'nkhani ino tiona mbali imodzi ya moyo umenewu imene ambiri kuno ku Ntcheu tikuidziwa bwino, moyo wa self-boarding, ndi mmene ukukhudzirana ndi kachilombo ka HIV.

Zinayamba bwanji?

M'chaka cha 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale. M'chaka chimodzi chokha ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Patapita zaka, khamu lonseli linafuna malo ku sekondale, koma sukulu zogonera komweko, monga Mlanda Girls kufupi ndi Lizulu, zimatenga ana owerengeka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa ma DEC akale aja kukhala sukulu za sekondale zoyendera, zimene timazitchula kuti ma CDSS.

Dzina lake likunena kuti mwana aziyendera kuchokera kwawo. Koma Ntcheu ndi dera la mapiri ndi makhwawa. Mwana wa kumapiri a Tsangano kapena wa kuchigwa cha Bwanje akhoza kusankhidwa kusukulu imene ili mtunda woti ayende maola awiri kapena atatu. M'dzinja mitsinje imadzadza, mu June chisanu chimaluma zala. Ndiye makolo amaona kuti bola kumupezera kachipinda pafupi ndi sukulu, kawirikawiri pa trading centre. Mwana wa zaka 14 kapena 15 amanyamula mphasa, kapoto, ufa ndi nyemba, n'kukayamba kudzilamulira yekha. Palibe matironi, palibe mpanda, palibe woitana mayina madzulo.

Tisanamizane, moyo umenewu uli ndi zabwino zake. Ana ambiri aphunzirira pomwepo kusunga ndalama, kugawa ufa kuti ufike kumapeto kwa mwezi, kudzuka okha m'bandakucha kuti awerenge. Ena akhoza bwino MSCE akuchokera m'tizipinda totere. Vuto limayamba tsiku limene ufa watha, landilodi akufuna yake, ndipo kumudzi akuti dikira tikumbe mbatatesi.

Ufa ukatha

Msewu wa M1 wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre umadutsa pakati pa boma lathu, ndipo pa Lizulu ndi pa mphambano ya Tsangano umayenda m'malire enieni ndi Mozambique. Tsiku la msika pamakhala ndalama: ogula mbatatesi ndi kabichi, oyendetsa magalimoto, ochita geni a mbali zonse ziwiri. Ambiri mwa iwo ndi anthu olongosoka ongofuna chakudya cha ana awo. Koma pakati pawo pali zidyamakanda zimene zimadziwa bwino kuti mtsikana wa self-boarding ali yekha ndipo alibe sopo. Sizibwera ndi mawu oipa ayi. Zimayamba ndi kanyenya, mafuta odzola, mayunitsi a foni, kenako lendi ya mwezi. Pofika pamenepo mtsikana amaona ngati ali ndi ngongole.

N'chifukwa chiyani chibwenzi ndi munthu wamkulu chili choopsa kuposa cha msinkhu umodzi? Choyamba, kachilomboka kamapezeka kwambiri mwa abambo akuluakulu kusiyana ndi anyamata a kusukulu, poti akhala nthawi yaitali akugonana ndi anthu osiyanasiyana. Chachiwiri, thupi la mtsikana wamng'ono limakhala lisanakhwime, khomo la chiberekero ndi njira yake sizichedwa kuchekeka, ndipo kachilombo kamalowa mosavuta. Chachitatu, chimene ife tikuchiona chachikulu, ndi mphamvu. Munthu amene wakulipirira lendi n'kovuta kumuuza kuti popanda kondomu ayi, kapena tiyeni tikayezetse kaye. Kafukufuku wa dziko lonse wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo, pafupifupi 9 ali ndi HIV, ndipo amayi ndi ochuluka kuposa abambo. Kusiyana kumeneku kumayambira pa msinkhu wa sekondale womwewu.

Zimene anapeza ku Zomba

Ena amati atsikana otere ndi okonda zinthu basi. Tamverani izi. Kuyambira mu 2008, akatswiri ofufuza anayesa njira ina m'boma la Zomba. Atsikana ena a zaka 13 mpaka 22 ankapatsidwa kandalama kochepa mwezi uliwonse, makolo awo nawonso kangachepe, pomwe atsikana a m'midzi ina sankalandira kanthu. Patatha chaka ndi theka anawayeza magazi. Mwa atsikana a pasukulu amene ankalandira ndalama, 12 pa 1,000 aliwonse ndi amene anapezeka ndi HIV. Mwa amene sankalandira, anali 30 pa 1,000. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2012 m'magazini ya zaumoyo ya The Lancet.

Atsikanawo sanapatsidwe ulaliki wapadera kapena maphunziro atsopano a Edzi. Chimene chinasintha n'chakuti ochepa okha ndi amene anali ndi zibwenzi za amuna akuluakulu. Ndiye kuti ambiri ankadziwa kale za kachilomboka, chimene ankasowa ndi sopo ndi ndiwo. Komanso ofufuza omwewo atabwereranso patapita zaka, anapeza kuti ndalama zitaleka, phindu lambiri linazilala. Thandizo la kanthawi limateteza kwa kanthawi.

Apa ndi pamene phunziro la Life Skills ndi makalabu a Edzi Toto zimafunika kutsikira pansi. M'kalasi timaloweza kuti kudziletsa, kukhulupirika, kondomu, ndipo pamayeso timakhoza. Koma funso la pamayeso silibwera usiku uli ndi njala. Kalabu imene ikufunadi kuthandiza mamembala ake a self-boarding iyambe yadziwa kuti akugona kuti, ndi angati m'chipinda, chitseko chili ndi loko kapena ayi, ndipo ufa umawathera liti. Mutu umodzi susenza denga. Ana anayi akaphatikiza ufa n'kumaphika mphika umodzi, makala amachedwa kutha ndipo wina akasowa sagona ndi njala. Kuwerengera pamodzi madzulo kumathandiza masamu, komanso kumachititsa kuti wina akasowa pagulu anzake afunse kuti ali kuti. Kadimba ka kabichi ka kalabu, kapena kabanki nkhonde kakang'ono, kakhoza kulipira lendi ya mnzanu mwezi umene zavuta. Amayi a Mother Group ndi a mfumu akhozanso kuyankhula ndi eni nyumba, poti mawu a mwana paokha salemera.

Anyamata musaone ngati nkhaniyi si yanu. Mnyamata wa self-boarding akasenza matumba pamsika amapeza kandalama kake, ndipo pomwepo pali mowa, pali kanema wa usiku, pali anzake omuseka kuti sanakule. Mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa mpata wotenga kachilombo ndi pafupifupi 60 pa 100, koma suchotsa wonse. Wodulidwa amafunikabe kondomu.

Mnzathu amene akumwa ma ARV

Pali gulu lina limene timaliiwala. Ena mwa ana a sekondale anabadwa ndi kachilomboka, ndipo akula bwinobwino chifukwa ma ARV akhala akuperekedwa ulere m'zipatala za boma kuyambira 2004. Kwawo amakumbutsidwa ndi mayi kapena agogo. Pa self-boarding ali m'chipinda chimodzi ndi anzake atatu, botolo likagwedezeka limasokosera, ndiye amabisa, amadumphitsa masiku, mwina kusiyiratu. Kudumphitsako n'koopsa, chifukwa kachilombo kamachulukananso ndipo kakhoza kuyamba kusamva mankhwala.

Masiku ano ambiri amamwa piritsi limodzi lokha pa tsiku. Munthu akamamwa mwandondomeko mpaka kachilombo kosaonekanso poyeza magazi, sapatsira mnzake pogonana. Kudyera mbale imodzi, kufunda bulangete limodzi kapena kubwerekana ndowa sikunapatsirepo munthu HIV. Choncho ukaona botolo m'chikwama cha mnzako, pakamwa potseka. Akakuuza yekha, ntchito yako ndi kumukumbutsa nthawi, osati kukalengeza kumjigo. M'zipatala zambiri muli ma Teen Club, amene anayambitsidwa ndi a Baylor ku Lilongwe, komwe achinyamata omwa ma ARV amakumana Loweruka kuti asajombe kusukulu. Funsani kuchipatala chanu ngati ilipo.

Zikavuta

Mwana wa zaka 13 kupita m'tsogolo akhoza kukayezetsa magazi payekha popanda kudikira chilolezo cha makolo. Wina akagwiriridwa, kapena kondomu ikaphulika, athamangire kuchipatala asanathe maola 72. Kuli mankhwala otchedwa PEP, omwa masiku 28, amene amatchinga kachilombo kasanakhazikike m'thupi. Mukachedwa sagwira ntchito, ndiye osayamba mwadikira kuti akuluakulu akambirane kaye. Nkhani ya kugwiriridwa ikafikenso ku Victim Support Unit ya polisi, ngakhale wolakwayo akhale mphunzitsi, landilodi kapena wachibale.

Nanga mtsikana akatenga mimba? Makolo ambiri amati basi, akwatiwe. Koma kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale makolo atavomereza. Ndipo kuyambira 1993 Unduna wa Zamaphunziro uli ndi ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Chofunika ndi chakuti iye ndi makolo ake akaonane ndi mphunzitsi wamkulu asanachoke, zilembedwe, kuti malo ake asungike. Ngati akuchita manyazi kubwerera pasukulu yomweyo, akhoza kupempha kuti asamukire ku ina. Akayamba sikelo amayezedwa magazi, ndipo akapezeka ndi kachilombo amayamba ma ARV nthawi yomweyo kuti mwana abadwe wopanda HIV.