Kodi Gule wa pa Intaneti Mwini Wake Ndani? (Gawo Lachiwiri)

Awerengi, m'gawo lapitalo tidakamba za oyimba amene nyimbo zawo zimakoperedwa m'misika eni ake osalandirapo ngakhale tambala. Lero tikwere mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kumene nkhani yomweyi yavala nthenga ndi zisudzo.

Mnyamata wina amene ndidamphunzitsa, wa cha ku Mponela, wakhala akujambula Gule Wamkulu ndi foni yake kwa zaka zingapo, pa maliro, pa ziliza ndi polonga ufumu, kuyambira ku Madisi kufikira ku Malomo. Makanema ake adakwana mazanamazana ndipo adawaika pa Facebook ndi pa YouTube. Tsiku lina adandipeza nkhope ili yakugwa, nandionetsa tsamba la munthu wina wa kutsidya kwa nyanja. Kasiyamaliro amene iye adajambula m'bandakucha, atachezera usiku wonse ndi chisanu cha ku Ntchisi, adali pamenepo pakati pa zotsatsa malonda, dzina la wojambula litafufutidwa.

Kunena zoona, lamulo lili kumbali yake. Lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, limene lidalowa m'malo mwa la 1989, limateteza zithunzi ndi makanema, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likuyang'anira nkhani zotere kuyambira 1992. Komanso popeza Malawi adalowa m'pangano la Berne mu 1991, ntchito ya Mmalawi ndi yotetezedwa m'maiko ambiri ngakhale mwini wake sadakailembetse kulikonse.

Koma lamulo papepala ndi lina, kulondola mbala ndi kwina. YouTube ili ndi makina otchedwa Content ID, amene adayamba mu 2007, oyerekeza kanema aliyense watsopano ndi makanema amene eni ake adaperekeratu. Tsoka lake makinawa amapatsidwa makamaka kwa makampani akuluakulu. Wa ku Mponela ayenera kufufuza yekha, napereka dandaulo potsata lamulo la ku America la 1998, kanema mmodzimmodzi. Akamachotsetsa mmodzi, ena atatu amakhala atamera kwina ngati bowa, ndalama za intaneti zikutha. Ndidamlangiza zimene ndikadatha: kusunga makanema oyambirira pamalo awiri, kulemba m'kaundula tsiku ndi mudzi wa kanema aliyense, ndi kudinda dzina lake pakati pa chithunzi, osati pakona pamene mbala ingathe kudula.

Pamenepo ndidamfunsa funso limene lidamkhalitsa chete: "Nanga iwe, mwini mzinda udampempha?"

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mnyamatayo ndi mwini wa kanema, koma si mwini wa gule. Lamulo lomwe lija limati umwini wa miyambo ya makolo uli m'manja mwa Boma mpaka muyaya, m'malo mwa anthu onse a m'Malawi, ndipo wofuna kupindula nayo ayenera kutenga chilolezo. Cholinga chake n'chabwino, koma Boma lili ku Lilongwe pamene bwalo lili kumudzi. Amene adasema chigoba, amene adawamba mbalule, amayi amene adaomba m'manja mpaka kutupa, onsewa dzina lawo silipezeka paliponse. Ndipo wovina ndiye womangika manja koposa. Woyimba angathe kuima m'khoti nati, "Mawu awa ndi anga." Chilombo sichingatero, pakuti mwambo umati chimenecho si munthu, ndi mzimu wochokera kumanda. Chinsinsi chimene chidasunga gule pamene amishoni a ku Mvera ndi ku Kongwe ankalimbana naye, lero ndicho chikutseka eni ake pakamwa.

Bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu mu 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Ena adamva ngati akuti ndi ndiwo za aliyense.

Mnyamata uja adabwerera kwa mfumu ya mudzi umene adajambulako kasiyamaliro, nkhuku ili m'manja. Akuluakulu adaonera makanema onse a pabwalo lawo, namuuza kuti awiri achotsedwe msanga chifukwa adaonetsa njira ya kudambwe. Awiriwo adawachotsa tsiku lomwelo. Pa tsamba la mlendo uja akadalipobe.

M'gawo lotsatira tidzaona za ojambula zithunzi za maukwati.