Penti Yapanja Imakhalitsa Pakhoma Louma: Zoyenera Kudziwa Eni Nyumba a ku Lufita

Mvula ikatha m'mwezi wa Epulo, nyumba zambiri za ku Lufita ndi madera oyandikana nawo zimaoneka ndi penti yosupuka, makoma akuda ndi ndere, komanso ufa woyera m'munsi mwa khoma. Eni nyumba ambiri amaloza chala penti yomwe anagula. Koma kawirikawiri vuto limakhala chinyezi chomwe chinali kale m'khomamo tsiku lopenta.

Boma la Chitipa lili kutali ndi nyanja yamchere. Nyumba za m'mizinda ngati Dar es Salaam ndi Beira zimawombedwa ndi mphepo yonyamula mchere, womwe umadya zitsulo ndi kufooketsa penti. Kuno mchere umachokera pansi. Madzi a m'nthaka amakwera m'maziko atasungunula mchere wa m'dothi, m'njerwa zootcha ndi mumchenga. Madziwo akauma, mcherewo umatsalira kunsi kwa penti n'kuitukula. Ufa woyera uja ndi umenewu, ndipo kuupaka penti ina pamwamba n'kutaya ndalama.

Choncho ntchito yoyamba ndi kutsekereza madzi. Pomanga nyumba, mmisiri aziyala pepala lapulasitiki lolimba pamwamba pa maziko asanayambe kukweza khoma. Denga lituluke mokwanira kuti mvula yamkuntho isamenye khoma lonse, ndipo kuzungulira nyumba kukhale kakhonde ka simenti ndi ngalande yotaya madzi kutali. Ming'alu yonse imatidwe, chifukwa ngakhale waung'ono umalowetsa madzi kuseri kwa penti.

Chachiwiri ndi kudekha. Pulasitala watsopano amafunika masiku osachepera 28 kuti akhwime ndi kuuma. Akapentedwa msanga, ukali wa simenti umawononga pentiyo ndipo mtundu wake umasuluka. Pakhoma lakale, penti yosupuka ipalidwe, ufa wamchere uchotsedwe ndi burashi youma, ndipo ndere zitsukidwe ndi madzi othira jiki. Khomalo lisiyidwe liume kotheratu.

Chachitatu ndi kusankha penti. Penti yamadzi yotsika mtengo yopangira m'kati mwa nyumba siipirira dzuwa ndi mvula. Panja pamafunika penti yomwe pachitini pake palembedwa kuti ndi yapanja, makamaka ya mtundu wa acrylic, yomwe imakana mvula koma imalola chinyezi cha m'khoma kutuluka. Penti yamafuta imatsekera chinyezi m'kati, motero ndi yoyenera zitseko, mafelemu a mawindo ndi zitsulo osati khoma lonyowa. Chitsulo chichotsedwe dzimbiri ndi kupakidwa penti yoyamba ya red oxide. Kwa amene ndalama zawachepera, laimu ndi wothandiza ndithu, chifukwa amalola khoma kupuma, ngakhale amafuna kubwerezedwa pafupipafupi. Pogula penti, ndi bwino kuyang'ana chizindikiro cha bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards.

Kapakidwe nako kali ndi malamulo ake. Poyamba pamapakidwa penti yapansi yogwira pulasitala, kenako yapamwamba kawiri, kudikira kuti yoyamba iume. Kuthira madzi ambiri m'chitini kuti penti ichuluke kumaipepula, ndipo mvula ya chaka chimodzi imaikokolola.

Nyengo yabwino yopenta kuno ndi yachilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, mmisiri adikire mame aume. M'miyezi yotentha apewe khoma lomwe likuwombedwa ndi dzuwa lamasana komanso tsiku la mphepo yafumbi. Chizolowezi chopenta mu Disembala pokonzekera Khirisimasi n'chimene chimaluzitsa ambiri, pakuti mvula imakhala itayamba ndipo makoma atamwa kale madzi.

Khoma la njerwa likamanyowa chaka ndi chaka limafooka, ndipo ndi lomwe limayamba kugwa mphepo yamkuntho ikabwera. Uphungu womwewu ukukhudzanso makomiti oyang'anira sukulu, zipatala zazing'ono ndi misika: asanalipire mmisiri wopenta, ayambe aona ngati denga, ngalande ndi ming'alu zakonzedwa.